Wopeka pompopompo amawerenga mumtima

Ambiri akamva jazz amati oimbawo akungosokosa, aliyense akuliza zake. Ine ndikukana. Tengani blues, mtundu wa nyimbo womwe wakhala msana wa jazz chiyambireni ku New Orleans kumayambiriro a zaka za m'ma 1900. Kawirikawiri blues imakhala ndi zigawo 12, chilichonse cha mabiti anayi, ndiye kuti kugunda kanayi. Mu kiyi ya C mumakhala zigawo zinayi pa kodi (manotsi angapo olira pamodzi) ya C, ziwiri pa F, ziwiri pa C, chimodzi pa G, chimodzi pa F, kenako ziwiri zomaliza pa C. Wa besi ndi wa ng'oma amazungulira momwemo osaphonya. Wa lipenga ndiye amapeka zake pamwamba, koma mumtima akuwerenga. Akataya chiwerengero, anzake amafika pa F iye akadali pa C, ndipo ngakhale wosadziwa nyimbo amamva kuti pasokonekera.

Ife a ku Dedza izi si zachilendo. Pa gule wamkulu ng'oma zina zimagwira mayendedwe amodzimodzi, pamene wa mbalule, ng'oma yotsogolera, maso ali pa mapazi a wovina, kuyankha chilichonse chimene wachita. Mbalule sapatsa mwana wophunzira dzulo.

Chimene chimandinyansa n'chakuti ena amabisa ulesi m'dzina la luso lomweli lopeka pompopompo. Minibasi yazima nyali usiku pa msewu wa M1, mwangodutsa pa Lizulu. Fyuzi yapsa. Wina amangopinda waya wokhuthala n'kulowetsa pamalopo, basi tiyeni. Komatu fyuzi imapsa dala kuti mawaya asapse. Mukaikapo waya wosaduka msanga, kutenthako kumapita m'mawaya a kuseri kwa dashibodi, ndipo fungo la pulasitiki likamamveka zinthu zaonongeka kale.

Wodziwa naye amapeka, koma amayamba wafufuza pamene waya wasupuka n'kukhudza chitsulo cha galimoto, makamaka pamene mawaya apinda kapena kukhulana ndi bodi ya galimoto. Tepi palibe? Amang'amba kamphira ka chubu n'kukulunga zolimba. Fyuzi amabwereka ku chinthu chimene chingadikire, monga wayilesi, bola nambala ifanane: yofiira ndi 10, yabuluu 15, yachikasu 20. Pofunika 10 musaikepo 20, ngakhale ikukwanira bwinobwino pamalopo. Ndipo mphirayo ndi yongofikitsa anthu pa Dedza boma. Kukacha, galimoto ipite kwa wa zamagetsi akasinthe wayayo.