Kumulemba munthu ntchito n'kwina, kumulandira n'kwina

Nkhaniyi ndakhala ndikuisunga mumtima kwa nthawi koma lero bola ndingoitaya pano, wokwiya akwiye basi. Ineyo ndimagwira ntchito pa depoti ina pa Kasungu boma pompano, kuyambira Epulo timagula soya, mtedza ndi chimanga kenako Okutobala akafika timatembenuka kuyamba kugulitsa feteleza ndi mbewu, dzina la kampani musavutike kundifunsa ku inbox sindikuuzani.

Chaka chatha mabwana akulikulu anatitumizira chipepala chachikulu cholembedwa mchingerezi, kunena kuti pano sitisala munthu aliyense, pali ndi chithunzi cha manja ogwiranagwirana. Tinachikhoma pakhomo la ofesi ndi misomali inayi. Mwezi womwewo analemba ntchito mnyamata wina wachialubino ngati kalaliki, tinajambulitsa naye pansi pa chipepalacho, ine ndili pompo mano onse pamtunda.

Nde tamverani kumene tinakamuika. Pa sikelo. Sikelo yathu imakhala panja pa simenti, panalibe shedi olo kamtengo ka mango, munthu umaima pamenepo kuyambira 7 mamawa mpaka alimi athe, pena mpaka dzuwa kulowa. Amene anakonza ndandanda wa ntchitowo si bwana wa ku Lilongwe ayi, ndine ndemwe ndikulemba pano. Ndipo sindinachite mwankhanza, pathu pano mwambo ndi woti watsopano aliyense amayambira pa sikelo, inenso ndinayambira pomwepo, nde mumtima ndinkadziona ngati munthu wachilungamo kwambiri, aliyense chimodzimodzi, palibe kukondera.

Patatha masabata awiri mwana wa eni ake milomo inali itang'ambika, makutu ndi kumbuyo kwa khosi kuli psuu, tizilonda tayamba. Komanso ambiri sitidziwa kuti anzathu achialubino nthawi zambiri maso awo saona patali ndipo kuwala kumawathobwa, nde kuti awerenge manambala a pa sikelo amachita kuwerama mpaka nkhope kutsala pang'ono kugunda galasi, alimi poona zimenezo ena kumaseka ena kumang'ung'udza kuti ameneyu akutibera makilo. Iye osadandaula olo kamodzi. Amene ananditsegula maso ndi amayi ena osankha mtedza, anandikokera pambali n'kundiuza kuti achimwene, mwanayu mumupha. Nditamufunsa mwiniwake kuti bwanji sumanena, anandiyankha kuti akulu, ndakhala pakhomo zaka zitatu ndi dipuloma yanga m'chikwama, ndikanati dzuwa likundipweteka mukanati tinalakwitsa kumulemba.

Mawu amenewo mpaka lero amandibaya. Chifukwa amanena zoona, tikanaterodi. Mwina osati pamaso pake koma ku chiwaya masana tikanakambirana kuti mwaona, anthu awa ndi ovuta kugwira nawo ntchito.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndawafikira mochedwa. Mawu oti aliyense chimodzimodzi amamveka okoma koma nthawi zambiri ndi ulesi chabe wa ife oyang'anira, sitifuna kumuyang'ana munthu amene waima patsogolo pathu. Dzuwa la pa simenti ija kwa ine ndi thukuta basi, ndikasamba zatha. Kwa iye ndi khansa ya pakhungu, matenda amene amatenga anthu achialubino ambiri akadali achinyamata. Nde mukatiimika tonse awiri pamenepo n'kumati mwatichitira zofanana mukunamiza ndani?

Malamulotu alipo, asakunamizeni munthu kuti Malawi ilibe malamulo. Employment Act ya 2000 imaletsa kusala wantchito kapena wofunsira ntchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chilankhulo, ulumali kapena kuti ndi mkazi, ndipo imati ntchito yofanana malipiro akhalenso ofanana. Lamulo la anthu aulumali la 2012 lija linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, pomwe bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA linasintha kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse ali ndi ulumali wina wake, ndipo achialubino okha anapitirira 134,000. Amenewo si anthu ochepa oti tizichita kudabwa akabwera ndi kalata yofunsira ntchito. Ku Chilanga kuno kwathu kuli sukulu ya ana osaona yomwe yakhalapo zaka zambirimbiri, ana amaphunzira n'kumaliza, funso langa ndi loti akamaliza amapita kuti, poti m'maofesi a pa boma pano sitiwaona? Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota, oyandikana nafe omwewa, anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno. Anthu akumudzi anakwanitsa kuona munthu, ife a mataye tikulephera kusuntha sikelo.

Koma lamulo sililowa ku chiwaya. Silimva zomwe aganyu amakuwa akamatsitsa matumba. Mnyamata uja sabata yoyamba yomwe anali atapatsidwa kale maina, wina napweri, wina mzungu, ndipo wina anachita kunena kuti ndalama zafika pa depoti, anthu n'kuseka. Kuno ku Kasungu kumene mu 2016 mwana wamng'ono wachialubino anabedwa usiku n'kuphedwa, munthu ukuseka nthabwala imeneyo? Ine ndinaimva ndipo ndinangoti aaa inu siyani zimenezo, mopepuka, kenako n'kupitiriza kuwerenga matumba. Sindinaganizeko n'komwe kuti tikamaweruka mdima utagwa nyengo ya soya, ine ndimakwera kabaza mtima uli m'malo, iye amayenda akucheuka.

Zomwe tinachita pambuyo pake ndi zazing'ono moti ndikuchita nazo manyazi kuzilemba. Malata ochepa ndi mapolo a bulugama, shedi inaima tsiku limodzi, ndipo chodabwitsa amene anayamba kuyamikira ndi alimi omwe amakhala pamzere ndi ana kumbuyo. Mnyamata uja tinamusinthira ku desiki ya malisiti mkati, mafomu timapulinta ndi zilembo zikuluzikulu, tsiku lokatenga mafuta ake odzola kuchipatala sitimudula, ndipo ikakhala ntchito yochedwa lole imamutula pakhomo. Wa nthabwala ya ndalama uja anaitanidwa mu ofesi n'kupatsidwa kalata ya chenjezo, kuyambira pamenepo zii. Nde amene mumati bizinesi si tchalitchi, zinthu zimenezi zimadya phindu, tandiuzeni pamenepa phindu ladyedwa ndi chani. Mnyamatayo malisiti ake sasochera, zomwe sindinganene za ena a ife kkkk.

Kungoti nkhani yake inandichititsa kuyamba kuona zina zomwe ndinkangozidutsa. Pa gulu la amayi osankha mtedza pali mayi wina wosamva, wakhala nafe nthawi yaitali kuposa ine, dzanja lake pa mtedza palibe amafikapo. Foni ali nayo, kuwerenga amatha bwinobwino, ali mu gulupu yathu ya WhatsApp. Koma kapitawo wathu ndi munthu wa mavoisi, chilichonse amangodina n'kuyamba kuyankhula mphindi zitatu, mawa tibwere 6, malipiro achedwa mpaka Lachiwiri, Loweruka kulibe ntchito. Mayi uja Loweruka lina anayenda wapansi kuchokera kwawo n'kupeza geti yotseka. Zaka zonsezi ali mu gulupu koma ngati kunja. Pa mitingi amakhala kutsogolo n'kumayang'ana milomo yathu, ife kumayankhula titatembenukira kwina, pomaliza wina amangomukodola kuti zatha tiyeni. Pano tinagwirizana kuti uthenga wa ntchito uzilembedwa, wofuna voisi atumize kwa akazi ake. Kapitawo anakwiya sabata yathunthu poti kulemba kumamuvuta, nde apo tinazindikiranso kuti naye ali ndi vuto lake lomwe ankalibisa kuseri kwa mavoisiwo, pano amauza kalaliki uja n'kumulembera. Mwaona mmene zimakhalira, ukatsegula chitseko chimodzi umapeza kuti mkatimo munali anthu angapo.

Akuluakulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Pa M1 pomwepa njinga zamoto zikugwetsa anthu tsiku ndi tsiku, shuga ikudula anthu miyendo, sitiroko ikugwira anthu a zaka 40. Sitepe ya pakhomo la ofesi yanu imene mukuti ilibe vuto ija mwina mudzailephera ndinu nomwe.

Ndipo si za ulumali zokha. Mukafuna kudziwa ngati pa ntchito panu anthu amawerengedwa mofanana musawerenge chipepala cha pakhoma, dikirani maliro. Kwathu kuno apongozi a akauntanti atamwalira kampani inatulutsa lole, thumba la ufa ndi chipepeso, tonse tinatseka ofesi kupita. Mwana wa alonda athu atamwalira, mwana wawo weniweni, tinasonkherana timakobidi m'chipewa ndipo anapita anthu atatu, pa kabaza. Madala amenewo anabwerako n'kupitiriza kutitsegulira geti akutipatsa moni wa ulemu ngati kale, koma ine ndikawaona ndimadziwa kuti anaona. Palibe lamulo la boma lomwe tinaphwanya pamenepo, komabe aliyense pa depoti anaphunzira tsiku limenelo kuti pali anthu ndi tianthu.

Za pa Khirisimasi ndingodutsapo mwachangu, tinapha nkhumba yokhayokha pomwe dalaivala wathu ndi Msilamu wa ku Mangochi, munthu anadya nsima ndi kabichi pa phwando la kampani yake yomwe. Komanso Kasungu ndi boma la anthu osakanikirana, cha ku Nkhamenya ndi Kaluluma anthu amayankhula Chitumbuka, m'maesiteti a fodya muli ana a anthu amene anachokera kummwera kudzagwira utenanti kalekale ndipo kwawo tsopano ndi konkuno, koma anyamata awiri akangoyamba kucheza mu Chitumbuka wina amati mukutinena eti, yankhulani zomveka. Mlimi wa ku Chulu akabwera ndi matumba ake timawafunanso anyamata omwewo kuti atithandize kukambirana naye mtengo.

Kwa azimayi nde ndi nkhani ina yaitali. Lamulo limapereka masabata 8 a tchuthi cha uchembere ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuyambira 2021 abambonso ali ndi masabata awiri awo, ngakhale mwamuna woyamba kupempha amenewo pathu pano anasekedwa ngati wavala chitenje. Koma mtsikana akabwera ku intavyu mafunso amakhala oti muli pabanja, muli ndi ana angati, mukuganiza zoonjezera? Mwamuna safunsidwa zimenezo. Ndiye pali ichi chomwe sitikonda kuvomera, zinthu zenizeni za pa ntchito, woti apite ku wekishopu ya alawansi ku Mponela, woti akwezedwe, sizikambidwa mu mitingi ayi, zimakambidwa Lachisanu madzulo pa botolo sitolo pamene mayi wa ana ali kunyumba akuphika, Msilamu kulibe, wa mpingo wosamwa kulibe, wachialubino anathamangira kwawo kusanade. Lolemba mumangomva kuti zinagamulidwa. Ine ndimamwa nawo, nde ndikudziwa chomwe ndikunena.

Chinthu chimodzi chomwe sindigwirizana nacho ndi chisoni chonyanya. Pali anthu ena atangomva nkhani ya shedi ija anayamba kumuchitira mnyamata uja ngati dzira, osamutuma, osamudzudzula, akalakwitsa kumangokonza mwakachetechete. Kumenekonso ndi kumusala, kungoti kwavala jekete. Tsiku lina anasokoneza malisiti a alimi awiri a maina ofanana ndipo ndinamukalipira mmene ndimakalipira wina aliyense, atatuluka ndinadziluma kuti mwina ndaonjeza, koma madzulo ake ndinamupeza akuwafotokozera anzake akuseka kuti lero akulu andisambitsa chokweza, ndipo aganyu omwe aja ankamutcha maina anali akumuuza kuti ukanali, sunaone akakwiya zenizeni. Pano amamuitana ndi dzina la mfunda wake ngati mmene timaitanirana tonse.

Nkhani ya maliro ija sinathe, ndaiika pa mitingi ya Lolemba likubwerali kuti chipepeso ndi lole zikhale zolembedwa, zofanana kuyambira kwa manejala mpaka kwa alonda, ndipo ndikudziwa kale amene akanene kuti ndalama palibe. Chipepala cha pakhomo chija chinasuluka ndi dzuwa, manja aja sakuonekanso, palibe wachichotsa. Pakadali pano ngati alipo pa Kasungu pano amene amaphunzitsa chinenero cha manja, olo wina wolumikizana ndi a bungwe la anthu osamva la MANAD, andipeze ku inbox, tilipo anthu asanu tikufuna tiziphunzira Loweruka masana tikaweruka. Mayi osamva aja anatiphunzitsa kale moni ndi zikomo, ndipo ine anandipatsa dzina la manja, amasisita pamutu kusonyeza dazi.