Mwasiya za miyendo ndi za ndalama

Nkhani yanuyi ndaiwerenga mpaka kumapeto, koma apo mwalemba kuti mwana akangodziwa kuliza lipenga kapena ng'oma ndiye kuti walowa gulu, ayi ndithu sindikuvomereza. Kuno ku America magulu a Drum Corps International, bungwe loyendetsa mipikisano ya magulu oliza malipenga ndi ng'oma uku akuguba, amayamba kuyesa achinyamata cha mu Novembala, ndipo sayang'ana kuimba kokha. Mwana wanga wamkazi adapita ali ndi zaka 16. Adawaimika m'holo ya sukulu, malipenga ali m'mwamba, akuguba chobwerera m'mbuyo monyang'ama, mphunzitsi akuwerengera phazi lililonse. Pofika madzulo mikono inkangonjenjemera, kapu ya tiyi osatha kuigwira. Adangomuuza kuti abwerenso mwezi wamawa akamuonenso.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi ndalama. Ukasankhidwa umalipira wekha madola masauzande angapo, kenaka kuyambira Juni kugona kwake ndi pansi m'maholo a sukulu kapena m'basi, mpaka mpikisano womaliza mumzinda wa Indianapolis mu Ogasiti. Ana aluso ambiri a m'mabanja osauka amagwera pamenepa. Chonde alembi, mudzatilemberenso za komwe makolo angapeze thandizo la fizi imeneyi.