Laputopu ya magemu ndalama zili zochepa: ku Limbe, ku Johannesburg kapena ku Kariakoo?

Munthu wa mu Blantyre akafuna laputopu yoseweretsa GTA V, PES 2021 kapena Euro Truck Simulator 2 koma ndalama zili zochepa, alangizi amachuluka. Wina akuti tumani wa basi akakugulireni ku Johannesburg, wina akuti ku msika wa Kariakoo ku Tanzania n'kotchipa, wina akuti ingotsikirani ku Limbe. Misika imeneyi simagulitsa mofanana, ndipo chimene chimaisiyanitsa kwambiri si mtengo wa tsiku logula, koma zimene zimachitika makinawo akayamba kuvuta.

Musanasankhe dziko, dziwani chimene mukukagula. Pa ndalama zochepa simupeza khadi la zithunzi lapadera ngati GTX 1650, choncho gemu idzayendera gawo la zithunzi lomwe lili mkati mwa pulosesa, ubongo wa makinawo. Apa AMD imaposa Intel ya msinkhu womwewo: Ryzen 5 3500U ya AMD yokhala ndi zithunzi za Vega 8 imayendetsa GTA V pa sikirini ya 720p bwino kuposa i5-8250U ya Intel yokhala ndi zithunzi za UHD 620. Mukapeza Ryzen 5 5500U kapena i5-1135G7 ya Iris Xe, mwachita mwayi. Chachiwiri ndi RAM, malo amene makina amasungamo zimene akugwira panthawiyo, ndipo apa ndi pamene ambiri amaluza osadziwa. Zithunzi za mu pulosesa zimabwereka RAM ya makina, ndiye timitengo tiwiri ta RAM ta 8GB, ngakhale tiwiri ta 4GB, timathamangitsa gemu kuposa kamtengo kamodzi. HP EliteBook 745 G6, EliteBook 840 G5, ThinkPad T480 ndi Dell Latitude 5490 zili ndi malo awiri a RAM; Latitude 7490 ili ndi amodzi okha. SSD, malo osungiramo mafayilo, isachepere 256GB, poti GTA V yokha imadya malo oposa 70GB. Intel yotsika m'badwo wa 8 isiyeni: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 simavomereza mapulosesa ambiri akale kuposa amenewo.

Ku South Africa anthu anazolowera kugula zatsopano, m'sitolo ngati Incredible Connection kapena pa sitolo ya pa intaneti ya Takealot, zili m'katoni, risiti m'manja. Lamulo lawo loteteza ogula limapatsa munthu miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu amene wapezeka ndi vuto, ndipo mlendo angathe kubwezeredwa msonkho wa VAT wa 15 peresenti potuluka m'dziko ngati wagula zoposa R250 ndipo ali ndi risiti yoyenera. Zonsezi n'zabwino kwa munthu wokhala ku Johannesburg. Kwa inu wa ku Ndirande, walanti imeneyo yatsala kutsidya kwa Beitbridge. Sikirini ikafa mwezi wachitatu, muyenera kupeza wina woinyamula kudutsa Mwanza, Tete ndi Zimbabwe, n'kudikira. Onjezanipo ndalama ya wonyamula, za a MRA pa chipata, komanso kusowa kwa ndalama zakunja. Chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa marandi wooneka wofewa pa foni umauma ukasinthidwa.

Palinso msampha wina kumeneko. Laputopu yatsopano yotchipitsitsa nthawi zambiri imakhala ya Celeron N4020, RAM ya 4GB yomatiridwa pa bolodi, ndi malo osungiramo mafayilo ochedwa otchedwa eMMC a 64GB kapena 128GB. Imanyezimira, koma gemu siiyenda, ndipo RAM yake simungaiwonjezere. EliteBook ya zaka zisanu imaisiya kutali.

Ku Kariakoo mu Dar es Salaam malonda ake ndi a zogwiritsidwapo kale ntchito zobwera zambirimbiri, ndipo mtengo ngwokambirana. Ubwino wake ndi kuchuluka kwa katundu: ma RAM, ma SSD, machaja ndi mabatire zimapezeka mosavuta, ndipo mapulagi ambiri kumeneko ndi a mano atatu amakona ngati athu. Vuto ndi kugula kudzera pa zithunzi za pa WhatsApp. Sitika yolembedwa "Core i7" sikuuzani m'badwo, ndipo i7 ya 2013 imagonja kwa i5 ya 2018. Ngati simukupita nokha, ku Tanzania itanitsaniko zipangizo, osati makina athunthu.

Ku Tete n'kufupi, koma laputopu zambiri za ku Mozambique zili ndi kiyibodi ya Chipwitikizi, yokhala ndi batani la Ç, ndi pulagi ya mano awiri ozungulira. Za pulagi zisakudetseni nkhawa, kaya ndi ya kumeneko kapena ya mano atatu ozungulira ya ku South Africa: chaja imalandira magetsi a 100 mpaka 240V, mungosintha chingwe cholowa kukhoma. Kiyibodi ndiyo idzakusowetsani mtendere polemba.

Kwathu kuno, ku Limbe ndi m'tauni mwa Blantyre, zambiri ndi zimene amati ex-UK: makina a m'maofesi akunja amene atha nthawi yawo. Mtengo umakwererapo, inde, chifukwa wogulitsa walipira kale ulendo ndi msonkho. Koma mukugula chinthu chimene mungachiyatse musanatulutse ndalama, ndipo pa ndalama zochepa ubwino umenewu umaposa ena onse. Wogulitsa akakana kuti muyese, tulukani.

Poyesa, tsegulani pulogalamu ya mu Windows yotchedwa Task Manager muone dzina lenileni la pulosesa, ndipo pa Memory muone ngati malo a RAM ogwiritsidwa ntchito ndi 2 mwa 2. Mu Command Prompt, pulogalamu yolembamo malamulo mu Windows, lembani powercfg /batteryreport, ndipo mu lipoti la batire limene lituluke muyerekeze Full Charge Capacity (mphamvu imene batire ikusunga pano) ndi Design Capacity (imene inkasunga ili yatsopano). Yoyambayo ikatsika kufika theka la yachiwiri, batireyo sidzakupiririrani magetsi a ESCOM akathima, choncho mtengo utsike. Lowani mu BIOS, menyu imene imatsegulidwa makina akangoyaka Windows isanayambe, muone ngati mulibe pasiwedi ya kampani imene inali mwini wake, chifukwa pa ThinkPad kuichotsa ndi ntchito yaikulu. Kenako bwerani ndi gemu yanu pa fulashi, muisewere mphindi makumi awiri chaja ili yolumikiza. Ikayamba bwino n'kuyamba kudodoma pakapita mphindi khumi, ndiye kuti laputopuyo ikutentha: fani yadzaza fumbi kapena thermal paste, phala lothandiza kuziziritsa pulosesa, yauma. Zimenezi okonza amazithetsa mosavuta, koma m'nyengo yotentha ya Okutobala makina osatsukidwa amazima okha pakati pa gemu.

Pa risiti alembepo serial number ndi masiku amene mungabweze. Chaja ikhale yeniyeni ya 65W, osati ija ya mitu yambirimbiri. Ndipo musathere ndalama zonse pa makina: siyani ina ya kamtengo kachiwiri ka RAM ya laputopu ka mtundu wa DDR4 SODIMM, kofanana kukula ndi kamene kali mkatimo.