Monica Woyera sanali mayi wongolira basi

Likamayandikira tsiku la Monica Woyera, pa 27 August, ulaliki wake timaudziwiratu: mayi wopirira amene analirira mwana wake mpaka mwanayo anatembenuka mtima. Mawa lake n'kukumbukira mwanayo, Augustine, episkopi wa ku Hippo. Sindikukana. Koma ine ndimaona kuti mayiyu timamuyeretsa mopitiriza, moti saonekanso ngati munthu.

Mbiri yake anailemba ndi Augustine yemweyo, ndipo sanabise zambiri. Kwawo kunali ku Thagaste, komwe lero ndi Souk Ahras ku Algeria. Ali mtsikana, makolo ankamutuma kukatunga vinyo mumtsuko. Anayamba ndi kungolawa, kenako makapu athunthu. Anasiya tsiku limene mtsikana wantchito, atakangana naye, anamulalatira kuti chidakwa. Nkhani iyi paguwa simungaimve.

Mwamuna wake, Patricius, anali wolusa komanso wachimasomaso. Amayi anzake akabwera nkhope zili zotupa, Monica ankawauza kuti vuto ndi pakamwa pawo. Apa ndiye ndimasiyana naye, ngakhale ndi woyera. Ndipo amene mumatenga mawuwa kukalangizira mayi womenyedwa kuti banja n'kupirira, dziwani kuti Augustine akuti Monica sankamenyedwa. Musamusenzetse mayi womenyedwayo katundu amene Monica sanasenze.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha ku Milan. Mu 383 Augustine ananamiza mayi ake padoko la ku Carthage kuti akungoperekeza mnzake, usiku n'kukwera chombo ulendo wa ku Rome, mayi akupemphera pakachisi wokumbukirapo Cyprian Woyera. Monica sanagonje, anamulondola mpaka ku Milan, ku Italy. Atafika anayamba kumufunira banja loyenera udindo wake, ndipo anapeza kamtsikana koti kadikire zaka ziwiri kuti kafike msinkhu wokwatiwa. Pomwe Augustine anali kale ndi mkazi amene anakhala naye zaka zoposa khumi, mayi wa mwana wake Adeodatus. Mkaziyo anaoneka kuti akutchinga ukwatiwo, choncho anabwerera ku Africa yekha, mwana n'kutsala kwa bambo. Anachoka atalumbira kuti sadzadziwanso mwamuna wina. Augustine akuvomera kuti mtima wake unachucha magazi, koma sanachedwe kupeza wina wongotayitsa naye nthawi. Ukwati wokonzedwawo sunachitike n'komwe.

Pa Pasaka wa mu 387 Ambrose, episkopi wa ku Milan, anabatiza Augustine pamodzi ndi Adeodatus. Chaka chomwecho Monica anamwalira ku Ostia akudikira chombo chobwerera kwawo, atauza ana ake kuti thupi lake aliike paliponse, bola azimukumbukira paguwa la Ambuye. Mawu okoma zedi, ndipo Mpingo wawasunga.

Nanga mpongozi uja? Augustine analemba mabuku ochuluka koma dzina la mkaziyo sanalitchule ngakhale kamodzi. Adeodatus naye anamwalira asanakwanitse zaka 20.

Monica ndimamukonda ndithu, makamaka chifukwa anali wamakani ndiponso ankalakwitsa monga apongozi ena onse. Koma amayi a m'miphakati ya Monica Woyera, pokonza mapemphero a tsikuli chaka chino, muikepo limodzi la amayi amene anachotsedwa pabanja chifukwa choti kuchimuna anawaona kuti sakuyenera. M'tchalitchi momwemo alipo, ena amakhala nanu benchi imodzi.