Kulowa mphindi ziwiri, kutuluka masiku anayi

Ndakwiya abale anga, ndipo sindibisa. Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi pa Ngabu kupita ku Nchalo kukatapa ndalama yomalizira fizi ya mwana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Kufika pa makina, ndalama yaperewera. Ndinalowa mkati, kuima pamzere, kupempha sitetimenti. Kuona pepalalo mutu unaima. Pa 28 Julaye K14,000 yatuluka. Pa 28 Ogasiti yatulukanso. Pa 28 Seputembala chimodzimodzi. Yonseyo yapita ku kampani ina yakunja yoonetsa mafilimu pa intaneti, kampani yomwe ine ndinatsanzikana nayo mu Juni. Miyezi itatu sindinaonereko ngakhale filimu imodzi, koma iwo akungotapa m'thumba mwanga ngati nkhokwe ya agogo awo.

Mayi wa pa kauntala anandiyankha mwaulemu, sindingawanamizire. Anati, "Aphunzitsi, kufufuta app m'foni si kusiya. Munavomera nokha kuti azidula mwezi ndi mwezi, ndiye mukaletse komweko. Apo ayi titseke khadi yanu, mugule ina." Ndigule khadi ina, ndi ndalama zanga, kuti munthu wina asiye kunditengera ndalama zanga!

Funso langa ndi limodzi basi. N'chifukwa chiyani khomo lolowera analitsegula ngati geti la ku Illovo, koma lotulukira analibisa ngati una wa mbewa?

Tsiku lolembetsa sindinavutike. Dzina, imelo, nambala ya khadi, batani lalikulu lofiira, basi ndalowa. Madzi a tiyi anali asanawire n'komwe. Palibe anandifunsa kuti bambo mwaganiza bwino? Palibe anandifunsa chifukwa chomwe ndikufunira kulowa. Anandilandira ngati mkamwini wobwera ndi ng'ombe. Anandipatsanso masiku oonera ulere, koma ulerewo anayamba andifunsa nambala ya khadi. Akuluakulu ananena kale, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Tsono imvani za kutuluka. Ndinabwezeretsa app ija m'foni, bandulo n'kupita. Ndinafufuza paliponse, batani loletsera mulibemo. Ka mawu kenakake ka Chingerezi kakundiuza kuti ndipite pa webusayiti yawo. Ndapita. Akufuna pasiwedi yomwe ndinaika mu 2023. Ndapempha ina, akuti atumiza ku imelo. Imelo ikufuna kakodi kopita ku nambala ya foni. Netiweki ya kuno madzulo mukuidziwa, kakodi kakufika nthawi yake itatha. Magetsi athima, foni yazima. Tsiku loyamba latha choncho. Tsiku lachiwiri bandulo yatha tsamba lisanatseguke. Tsiku lachitatu ndinachita kuitana mphwanga, mnyamata wochenjera pa za mafoni, amene amakonzera anthu pa msika. Iyenso anatuluka thukuta. Anati, "Malume, zimenezi amachita dala, si inu nokha. Ena analembetsa kudzera ku Google Play, komwe timatenga ma app a m'foni, ndiye ngakhale mutafufuza pa webusayiti chaka chonse simungaletse, mpaka mubwerere komwe munalowera."

Titalipeza batani lija, kodi ndiye kutha? Ayi ndithu. Tsamba loyamba likufunsa ngati ndatsimikizadi. Lachiwiri likundinyengerera kuti ndikhale, anditsitsira mtengo mwezi umodzi. Lachitatu likuti bwanji ndingopumira kaye, ayambirenso kudula pakapita masabata angapo. Lachinayi likufuna ndifotokoze chifukwa chomwe ndikuchokera. Ndifotokozere ndani? Ndalama ndi zanga, maso ndi anga, foni ndi yanga. Ndipo taonani kuchenjera kwake: batani loti ndikhalebe ndi lalikulu, lowala, pakatikati. Mawu oti ndituluke ndi ting'onoting'ono, totuwa, kunsi kwenikweni, toti munthu wa maso otopa ngati ine achite kuyandikitsa foni pamphuno. Ukangodina molakwika kamodzi wabwerera poyambira.

Uwu ndi mono, abale. Aliyense amene anakulira m'mbali mwa Shire kapena anaonako asodzi a ku Elephant Marsh akudziwa mmene mono amaulukira. Kukamwa kotambasuka, nsomba imalowa ikusewera, mkati mitengo yonse yaloza kumodzi. Pobwerera palibe. Amene anapanga tsamba limeneli analuka mono, ndipo mlamba wake ndi ine ndi inu.

Wina anena kuti munavomera nokha, bwanji simunawerenge malamulo? Inde ndinavomera kulowa. Sindinavomere kutsekeredwa. Ndikalowa m'golosale kugula sopo, mwini wake sakhoma chitseko kuti ndiyambe ndafotokoza chifukwa chomwe ndikutulukira. Wakabaza akandifikitsa pa Dyeratu ndimamulipira, nkhani yatha, sabweranso kunyumba mwezi wamawa kudzatenga ndalama ya ulendo womwe sindinayende. Ngakhale vidiyo sho ya pa msika, ukatuluka watuluka. Nanga awa ndi ndani kuti azindisunga ngati mbuzi ya pachingwe? Chifukwa chake n'chodziwikiratu, kasitomala woiwala ndi wotopa ndiye amawalemeretsa.

Ndipo musaiwale kuti amadula mu madola. Pamene ndinkalembetsa dola inali pa K1,180. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika K1,700. Madola 8 omwewo, omwe kwa iwo mwina ndi mtengo wa kapu ya khofi, kwa ine anachoka pa K9,400 kufika K13,600, kuonjezapo za banki. Iwo mtengo sanasinthe, koma thumba langa ndi lomwe linabooka. N'chifukwa chake ndinaganiza zosiya. Miyezi itatu imeneyo ndi K42,000. Kuno kuchigwa ndalama imeneyo si yamasewera. Pali mabanja omwe kuyambira namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 sanadzukebe bwinobwino, minda inakwiririka ndi mchenga, ziweto zinapita ndi madzi. Mlimi wa thonje amakhala miyezi ingati padzuwa la Ngabu kuti aigwire K42,000 m'manja? Ndiye wina ali kutsidya la nyanja aitenge mwakachetechete, usiku ndili mtulo, pa chinthu chomwe sindikugwiritsa ntchito.

Chondipweteka kwambiri chinabwera tsiku lachinayi. Ndaletsa, uthenga wabwera kuti sadzadulanso. Mphwanga akundiuza kuti malume, mwangoletsa kulipira, akaunti ikadalipo. Dzina langa likadali kwa iwo. Imelo yanga ikadali kwa iwo. Nambala ya khadi ikadali kwa iwo. Ndandanda wa zonse zomwe ana anga ankaonera ukadali kwa iwo. Kuletsa n'kwina, kufufutiratu n'kwinanso, ndipo khomo lachiwirilo ndiye analibisa kuposa loyamba. Akuti ndilembe kalata ya Chingerezi, ndiitumize kuchokera pa imelo yomwe ndinalembetsera, kenako ndidikire. Ndidikire chiyani? Polowa ndinadikira? Akusunga zonsezo kuti tsiku lina mwana akadzagwira foni n'kudina batani limodzi, adzayambirenso kudula. Usiku womwewo imelo yabwera kale, akuti andisowa, ndibwerere.

Ine ndikuti batani lotulukira likhale pomwe pali lolowera, kukula kwake kofanana. Ndikadina kamodzi polowa, ndidinenso kamodzi potuluka. Ndikati fufutani dzina langa, afufute tsiku lomwelo. Munthu akapanda kuonera mwezi wathunthu, amufunse asanadule. N'chovuta chiyani pamenepa? Makina omwe amadziwa filimu yomwe ndinaisiyira pakati sangalephere kudziwa kuti sindinatsegule app kuyambira Juni. Amadziwa bwino lomwe.

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, lili ndi CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, lili ndi CAMA, bungwe lomenyera ufulu wa ogula. Mu 2024 tinakhalanso ndi Data Protection Act, lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, ndipo udindo woliyang'anira unaperekedwa kwa a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, mawayilesi ndi intaneti. Akuluakulu inu, nkhani iyi itengeni. Ngati kampani ikudya ndalama za Amalawi, itsegulenso khomo loti Amalawi azitulukira, ngakhale ofesi yake ili kutali bwanji. Ndipo inu anzanga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene munalembetsapo zinthu zotere, kapempheni sitetimenti mwezi uno muwerenge mzere ndi mzere.

Si akunja okhanso ayi. Mayi anga ku Bangula ali ndi kafoni ka mabatani, sadziwa n'komwe kuti filimu ya pa intaneti n'chiyani. Ndikawatumizira mayunitsi a K1,000, pofika mawa atsala pang'ono, asanaimbire munthu. Kufufuza, akuti analembetsa nyimbo yoti oimba azimva, analembetsanso mauthenga a mpira. Mayi anga mpira? Anangodina batani limodzi uthenga utatulukira pa sikirini, poyesa kuuchotsa. Kulowa batani limodzi. Kuti tiletse tinaimba katatu, kumangotiimitsa pa nyimbo, mpaka foni inatha moto.