Wolakwa anali wosula ndalama, osati wogulitsa tirigu

Zinthu zikakwera mitengo, chala timayamba kuloza wamalonda. Koma nkhani ya Aroma akale ikandifika m'mutu, ine ndimaloza kwina: kunyumba yachifumu.

M'nthawi ya Kaisara Augustus, ndalama yotchedwa dinari inali ya siliva pafupifupi yekhayekha, yolemera magalamu 3.9, ndipo madinari 25 ankasinthana ndi ndalama imodzi yagolide yotchedwa aureus. Munthu akalandira dinari, chuma chinali m'dzanja mwake momwemo, m'chitsulocho. Nkhope ya Kaisara inkangotsimikizira kuti kulemera kwake n'koona.

Mfumu Nero ndiye anayambitsa matenda. M'chaka cha 64, chomwe moto unapsereza mzinda wa Roma, iye analamula kuti siliva wolemera paundi imodzi yachiroma azitulutsa madinari 96 m'malo mwa 84, n'kuthiramonso mkuwa pang'ono. Dzina lomwelo, nkhope ya mfumu ilipo, koma siliva wachepa. Mafumu otsatira anaona kuti njirayi n'njokoma, makamaka polipira asilikali, omwe ukawachedwetsera malipiro amatha kukuchotsa pampando ndi lupanga. Pofika m'nthawi ya Septimius Severus, dinari inali siliva theka lokha. Mwana wake Caracalla anachita kunyanya mu 215: anatulutsa ndalama yatsopano, imene lero timaitcha antoninianus, yoti iziwerengedwa ngati madinari awiri, chikhalirecho kulemera kwake kunali kwa dinari imodzi ndi theka. Kumeneko si kuba masanasana? Cha m'ma 270 ndalamayi inali itasanduka mkuwa wongopakidwa siliva pamwamba.

Anthu sanali opusa. Ndalama zakale zabwino ankazikwirira m'miphika, zoipazo n'kumagulira zinthu, ndipo miphika ina akatswiri ofukula zakale akuipezabe mpaka pano. Wogulitsa tirigu naye ankadziwa kuti chomwe akupatsidwa n'chopepuka, ndiye ankakweza mtengo. Mukanakhala inu mukanatani?

Chomwe chimandikwiyitsa ndi cha mfumu Diocletian. Mu 301 anakhazikitsa lamulo loika malire a mitengo ya katundu ndi malipiro a antchito, wophwanya lamulo chilango chake imfa, ndipo m'mawu oyamba a lamulolo mlandu wonse anaukankhira pa dyera la amalonda. Za siliva amene mafumu anakhala akumuchotsa m'ndalama kwa zaka zoposa 200, zii. Katundu anayamba kusowa m'misika, lamulo n'kufa lokha.

Ambiri amayamikira mfumu Constantine chifukwa cha solidus, ndalama yagolide ya magalamu 4.5, zidutswa 72 pa paundi imodzi, imene inakhala yosasukuluka kwa zaka pafupifupi 700. Inedi ndikuvomera kuti inali ndalama yolimba. Komatu golide ankamugwira ndani? Boma, akuluakulu a asilikali ndi eni minda ikuluikulu. Waganyu ndi mayi wogulitsa mkate ankalipidwabe timakobidi tamkuwa, ndipo m'zaka za m'ma 300 zomwezo timakobidito tinkangotsikabe mphamvu poyerekeza ndi golideyo.