Ubwenzi wokhalitsa umadya nthawi

Ena amati bwenzi lakale limaposa chuma, ndipo n'zoona, koma anthu adziwenso kuti ubwenzi wotere umadya nthawi. Jeffrey Hall, wofufuza wa ku yunivesite ya Kansas ku America, anapeza mu 2018 kuti pamafunika maola pafupifupi 50 ocheza kuti munthu akhale mnzako wamba, ndi maola oposa 200 kuti akhale bwenzi la pamtima. Kungokhala limodzi kuntchito sikuthandiza kwenikweni, koma kucheza mwakufuna kwanu.

Chimene chimapha maubwenzi ambiri ndi ngongole. Mnzanu akabwereka ndalama, gwirizanani tsiku lobweza pomwepo, ndipo mubwereketse zokhazo zimene simungadandaule nazo zikapanda kubwerera. Mukapanda kutero, wobwereka amachita manyazi n'kusiya kuyankha foni, mwini ndalama naye amasunga chakukhosi osalankhula. Apa ndi bwino mwini ndalamayo ayambe yekha kuitchula nkhaniyo muli awiri, osati pagulu.

Mtunda nawo umaziziritsa chikondi. Wina akapita ku Johannesburg, kutumizirana zithunzi pa WhatsApp sikukwanira, muziimbirana ngakhale kamodzi pamwezi. Ndipo kwawo kukagwa maliro, pitani nokha mukagone pasiwa, musangotumiza chipepeso pa Mpamba kapena Airtel Money.